Ntchito ya M'bala ndi Malipiro Ake

Ambiri a ife tikamakambirana za ntchito zimene tidzagwire tikatsiriza sukulu, timatchula udokotala, uphunzitsi, unamwino ndi ukalaliki wa m'maofesi a Boma. Sindinamvepo mnyamata kapena mtsikana ali yense akunena kuti, "Ine ndidzakhala wogulitsa m'bala." Komabe tikaunguza bwino m'makalasi mwathu muno, tipeza kuti alipo ena amene yunifolomu yawo, makope awo ndi sopo wawo zichokera m'manja mwa munthu wotsegula mabotolo usiku. Ine ndine mmodzi wa iwo. Chifukwa chake ndapempha Akonzi kuti andipatse malo m'magazini yathu ino, kuti ndinene zimene ndaona, zimene ndamva ndi zimene ndaphunzira za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito ka anthu amenewa pa Liwonde ndi pa Balaka.

Poyamba tione chifukwa chake malo odyera ndi omwera ali ochuluka m'matauni awiriwa. Balaka inakula chifukwa cha njanji, pakuti sitima inayamba kudutsa pamenepo kunka ku Salima mu 1935. Mu 1970 anatsegulanso njanji ina yochokera pa Nkaya, yodzera pa Liwonde ndi pa Nayuchi, kunka ku doko la Nacala ku Mozambique. Pa Liwonde pali mlatho wa Kamuzu Barrage umene anaumanga pa Shire mu 1965, ndipo pafupi pomwepo pali nkhalango yosungira nyama imene Boma linaikhazikitsa mu 1973. Misewu igawikana pamenepo: wina upita ku Zomba, wina ku Ntaja, wina ku Mangochi, ndipo wina udutsa pa Balaka kukakumana ndi msewu waukulu pa Chingeni. Kale dera lonseli linali boma limodzi la Machinga, kufikira mu 1998 pamene Balaka inakhala boma palokha. Tsono pali ponse pamene apaulendo aima, pafunika nsima, chambo, tchipisi ndi chakumwa chozizira. Eni lesitilanti ambiri anaona kuti phindu la nsima lokha lichepa, kotero anaika kauntala ya zakumwa mbali ina ya nyumba, ndi kulemba munthu woimirira kuseri kwake.

Achemwali anga aakulu ndi mmodzi wa anthu oimirira kuseri kwa kauntala yotere. Iwo analemba mayeso a Fomu 4 ndi kukhoza, koma ndalama yopitira nayo patsogolo inasowa, pakuti bambo athu anali atatisiya ndipo munda wathu sunali kutulutsa zokwanira. Mu 2022 anapeza ntchito pa lesitilanti ina ya pa Liwonde, imene dzina lake sinditchula. Ndiwo anandilipirira fizi pamene ndinayamba Fomu 1, ndipo nsapato zimene ndavala polemba nkhani ino anandigulira ndiwo. Pa tchuthi ndimakhala nawo m'kanyumba kamene achita lendi. M'bala sindilowa iai, pakuti zaka zanga sizinakwane 18, koma ndimawaona potuluka m'mawa ndi pobwera usiku, ndipo tikakhala pa mphasa amandifotokozera zonse.

Anthu ena aganiza kuti ntchito imeneyi ndiyo kutsegula botolo ndi kulandira ndalama basi. Si tero. Achemwali amafika pa ntchito 10 koloko m'mawa. Ayamba kusesa ndi kukolopa pamene anthu anataya mowa dzulo lake, atsuka matambula, asonkhanitsa mabotolo opanda kanthu ndi kuwaika m'makireti. Galimoto ya zakumwa ikafika, anyamula makireti okha kuchokera pa msewu kufika m'sitolo. Akatero aika zakumwa m'filiji, ndi kuziwerenga. Masana, pamene mabasi aima ndipo anthu achuluka, athandizanso kuperekera nsima pa matebulo, ngakhale kuti ntchito imene anawalembera si imeneyo. Madzulo ndiye ntchito yeniyeni iyamba. Ayenera kukumbukira amene waitanitsa Green, amene waitanitsa Kuche Kuche, amene walipira ndi amene sanalipire, ndi kuyang'ana pa foni ngati ndalama ya Mpamba kapena Airtel Money yalowadi. Zonsezi azichita ali chiriri, wailesi iri kulira kwambiri, ndipo anthu asanu ali kuitana nthawi imodzi. Tsiku labwino aweruka 10 koloko usiku. Loweruka ndiponso pakutha pa mwezi, kapena pakakhala mpira pa kanema, nthawi yotsekera ndiyo pamene kasitomala wotsiriza wanyamuka. Wakabaza wowafikitsa kunyumba usiku amlipira ndi ndalama ya m'thumba mwawo.

Tsiku limene anawalemba ntchito panalibe pepala liri lonse. Bwana anangoti, "Uyambe mawa, za malipiro tidzaona pakutha pa mwezi." Munthu amene wakhala miyezi akufunafuna ntchito safunsa zambiri, angothokoza ndi kuomba m'manja. Pambuyo pake anagwirizana pakamwa za ndalama ya pa mwezi, koma za maola, za tsiku lopuma, za tchuthi kapena za matenda sanakambirane. Pangano la pakamwa likoma pa tsiku lopangana. Pa tsiku la mkangano ali yense akumbukira mbali imene imkomera, ndipo mau a mwini malo ndiwo alemera.

Pali liu limodzi limene antchito onse a m'bala aliopa, ndilo shoti. Kwa inu amene simulidziwa, tanthauzo lake ndi ili. Tsiku liri lonse awerenga mabotolo amene analipo, achotsapo amene atsala, ndipo ndalama ya m'kabati iyenera kufanana ndi amene agulitsidwa. Ikaperewera, imeneyo ndiyo shoti, ndipo bwana aidula pa malipiro a wogulitsa. Shoti ibwera m'njira zambiri. Botolo ligwa ndi kusweka. Munthu amwa mabotolo anai, anena kuti ali kupita kukataya madzi, ndipo sabweranso. Wina aonetsa uthenga wabodza wa pa foni, wonga ngati watumiza ndalama. Wina atenga botolo kupita nalo kunyumba, ndipo botolo lopanda kanthulo nalonso liri ndi mtengo wake. Chowawa china ndi chakuti adula pa mtengo wogulitsira, osati pa mtengo wa oda, kotero kuti bwana apezabe phindu ngakhale pa botolo losweka. Ndiponso makiyi a sitolo sakhala ndi munthu mmodzi. Mwana wa bwana ali nawo, mlamu wa bwana ali nawo, koma wolipira shoti ndi mmodzi yekha.

Yoposa zonse ndi ngongole. Munthu wovala bwino afika, akhala pansi, amwa pamodzi ndi anzake, ndipo pomaliza ati, "Asisi, lembani m'buku. Abwana anu andidziwa." Nanga achemwali achite chiyani? Akakana, munthuyo aimbira foni bwana kuti mtsikana wanu ndi wamwano, ali kuthamangitsa makasitomala. Akalola, ndipo munthuyo osabweranso, bwana ati, "Ndani anakuuza kuti ukongoze?" Njira zonse ziwiri zithera pa mutu pa wogulitsa.

Ndikumbukira mwezi wina mu 2024 pamene malipiro awo anali K60,000. Atabwera kunyumba anakhala pa mphasa, natulutsa ndalama m'chikwama, naziwerenga kawiri. Zinali K42,500. Zina zonse zinapita ku shoti, ndipo panalibe pepala losonyeza kuti shotiyo inachitika tsiku liti kapena pa zakumwa ziti. Pa ndalama imeneyo anachotsa ya lendi, ya ufa ndi makala, ya amayi kumudzi, ndi yanga yobwerera ku sukulu. Ine ndinati, "Achemwali, yangayi isiyeni, ndikaona chochita." Iwo anandiyankha kuti, "Iwe tenga. Ukasiya sukulu ndiye kuti ine ndaimirira pachabe miyezi yonseyi." Mau amenewo ndiwo anandichititsa kufuna kudziwa chimene malamulo a dziko lathu anena pa nkhani imeneyi.

Aphunzitsi athu a Social Studies anandithandiza. Malamulo aakulu a dziko lino, amene analembedwa mu 1994, anena pa ndime 31 kuti munthu ali yense ali ndi ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa ndi mosaika moyo wake pangozi, ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la za ntchito la mu 2000, lotchedwa Employment Act, lifotokoza mwatsatanetsatane. Maola a ntchito pa sabata asapitirire 48. Munthu akagwira masiku 6 otsatana apume tsiku lathunthu. Ola liri lonse lowonjezera pa tsiku la ntchito alipidwe ola limodzi ndi theka, ndipo akagwira pa tsiku lake lopuma alipidwe kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, akulandirabe malipiro. Wantchito amene watha chaka, akadwala, ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro. Mai woyembekezera ali ndi masabata 8 a malipiro onse. Ndiponso polandira ndalama, wantchito apatsidwe pepala losonyeza zimene walandira ndi zimene zadulidwa. Lamulo lomwelo lilola bwana kudula mtengo wa katundu amene wantchito waononga, koma limletsa kulipitsa wantchito chindapusa monga chilango. Palibe pamene lamuloli linena kuti ogulitsa m'bala sawerengedwa.

Boma liikanso malipiro ochepetsetsa amene wolemba ntchito sayenera kutsika kuposa pamenepo. Mu 2021 anali K50,000 pa mwezi. Mu February 2024 anakwera kufika K90,000, ndipo mu June 2025 anafika K126,000. Antchito a m'nyumba ndi a m'timabizinesi tating'ono anaikiridwa mitengo yawo yocheperapo. Wina angati kukwera kumeneku ndi kwakukulu, koma akumbukire kuti mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mitengo ya ufa, sopo, mafuta ophikira ndi lendi inathamanga, ndipo malipiro anali kutsatira pambuyo monga mwana wotsatira njinga. Mtengo wa botolo m'bala umasintha tsiku lomwelo limene oda yakwera. Malipiro a wotsegula botololo amadikira chaka kapena kuposa.

Tsono tiyeni tichite samu, monga tichitira m'kalasi. Titenge K90,000 ya mu 2024 ija. Tikaigawa ndi masiku 26 a ntchito tipeza K3,461 pa tsiku, ndipo tikagawanso ndi maola 8 tipeza pafupifupi K433 pa ola. Ola lowonjezera, pa limodzi ndi theka, likhala K649. Achemwali, kuyambira 10 koloko m'mawa kufika 10 koloko usiku, agwira maola 12, ndipo pa masiku 6 akwana maola 72. Tikachotsa 48 patsala maola 24 owonjezera pa sabata. Maola 24 pa K649 ndi K15,576, ndipo pa masabata 4 ndi K62,304. Onani tsono: ndalama ya maola owonjezera okha, imene sanaione ndi maso, iposa malipiro awo onse a mwezi umenewo. Ndipo pa samu imeneyi sindinawerengere usiku wa Loweruka.

Apa ndiye pali mutu wa nkhani yanga. M'bala botolo liri lonse liwerengedwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi usiku, ndipo lilembedwa m'buku. Botolo limodzi likasowa, adziwa tsiku lomwelo. Koma maola a munthu wogulitsa mabotolowo palibe awerenga, ndipo palibe buku lake. Chimene chalembedwa chiri ndi mboni. Chimene sichinalembedwe chitayika popanda wofunsa. Ngati m'nyumba imodzi muli nzeru zowerengera mabotolo mosaphonya, nzeru zowerengera maola zisowa bwanji?

Kupatula ndalama, palinso nkhani ya ulemu. Munthu akaledzera aiwala kuti amene ali kuseri kwa kauntala ndi mwana wa munthu. Ena aitana ndi likhweru, ena ati "iwe" kwa mai amene ali msinkhu wa alongo awo aakulu, ena agwira mkono kapena chovala. Anthu ambiri aganiza kuti mkazi ali yense wogwira ntchito m'bala ndi woyendayenda, ndipo maganizo amenewa amtsata kufika kumudzi, ku mjigo ndi ku tchalitchi. Achemwali akapita kumudzi anena kuti agwira ntchito ku lesitilanti, za kauntala satchula. Lamulo la mu 2013, lotchedwa Gender Equality Act, liletsa kuvutitsa munthu ndi mau kapena machitidwe achisembwere, ndipo wolakwa akhoza kukhala m'ndende zaka 5. Koma wantchito akadandaula, kawirikawiri yankho likhala lakuti, "Pirira, ameneyo ndi kasitomala wathu wamkulu." Kodi bwana yemweyo angayankhe chomwecho atakhala mwana wake wobala? Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Anyamata nawonso ali ndi mavuto awo. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu agulitsa m'bala ya lesitilanti ina pa Balaka. Iye agona m'sitolo momwemo pakati pa makireti, ndipo bwana awerengera malo ogonawo ngati mbali ya malipiro, chonsecho mnyamatayo ali kugwiranso ntchito ya ulonda popanda kulipidwa. Ndewu ikabuka, woleretsa ndi iye. Tsiku lina botolo losweka linamcheka dzanja, ndipo anakhala masiku angapo osagwira ntchito. Lamulo la chipukuta misozi cha antchito la mu 2000 linena kuti wovulala pa ntchito athandizidwe ndi womlemba, koma iye anadulidwa malipiro a masiku amenewo. Anandiuzanso za nthawi ya Covid-19, pamene mu January 2021 Boma linalamula kuti malo omwera azitseka 8 koloko madzulo. Malonda anatsika, ndipo antchito ena anauzidwa kuti abapita kwawo, adzawaitana; anapita chimanjamanja. Ena angafunse kuti, "Nanga makasitomala sawapatsa kangachepe?" Ku malo ogona alendo a kufupi ndi nkhalango ya Liwonde, kumene kufika alendo a kunja, zimenezo zichitika. Koma m'tauni, munthu wonena kuti "Sungani chenje" aoneka mwa apo ndi apo, ndipo palibe angalipire lendi podalira chifundo cha woledzera.

Agogo anga aamuna, amene tsopano ndi okalamba ndithu, anagwirapo ntchito yofanana ndi imeneyi. M'masiku a Chitaganya, chimene chinakhala kuyambira 1953 kufika 1963, amuna ambiri a dziko lino anapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu, m'nyumba za Azungu ndi m'mahotela. Agogo anali weta pa hotela ina ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Iwo sayamika masiku amenewo iai. Anena kuti munthu wa ndevu anali kutchedwa "boyi", ndipo sanali kuloledwa kukhala pa mpando umene anali kupukuta. Koma achemwali atawafotokozera za shoti, agogo anapukusa mutu nati, "Mdzukulu wanga, ife tinali kunyozedwa ndi alendo. Tinali kuti tikadzadzilamulira, zimenezi zidzatha. Nanga iwe uli kudulidwa ndi ndani? Si munthu wolankhula chinenero chako chomwe?" Palibe anayankha.

Sindifuna kuti owerenga aganize kuti eni malo onse ndi oipa mtima. Iwonso ali ndi katundu wawo pa mutu. Alipira lendi, laisensi ndi misonkho. Magetsi akazima zakumwa zifunda, ndipo makasitomala apita kwa mnzawo wa jenereta. Akagula jenereta, mafuta asowa kapena akwera mtengo. Nthawi ya dzinja, pamene anthu alibe ndalama, bala ikhala pululu. Ndiponso ndi zoona kuti alipo antchito ena osakhulupirika, amene abweretsa mowa wawo ndi kuugulitsira pa kauntala ya bwana, kapena awonjezera mtengo kwa mlendo. Chifukwa cha otere mwambo wa shoti unayamba. Koma ine ndiganiza kuti malipiro osakwanira ndi kuba ziyendera limodzi. Ukaika munthu wanjala pakati pa ndalama zambiri usiku wonse, ndi kumpatsa zosakwana thumba la ufa ndi lendi, wamuika m'mayesero ndiwe. Pamenepo bwana akayikira wantchito, wantchito akwiyira bwana, ndipo miyezi itatu iri yonse pa kauntala pakhala nkhope yatsopano.

Kuti njira ina iripo, ndinaona pa lesitilanti ina ya pa Balaka, imene mwini wake ndi mai wachikulire. Mai ameneyu awerenga zakumwa pamodzi ndi wogulitsa, ndipo onse awiri asaina m'buku. Kiyi wa sitolo akhala ndi wogulitsa yekha pa nthawi yake. Ngongole sailola, ndipo analemba chomwecho pa khoma, kotero kuti wokana si wantchito koma khomalo. Ali ndi ogulitsa awiri osinthana, wina masana, wina usiku. Munthu akayamba mwano, mai mwini wake atuluka kukamuuza kuti amalize apite. Antchito ake akhala naye zaka, adziwa makasitomala ndi maina awo, ndipo malo ake sanagwe. Chilungamo sichinamsaukitse.

Nanga chifukwa chiyani antchito ambiri angokhala chete? Yankho ndi njala. Mu 2024 mvula inavuta, ndipo mu March Boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 muli ngozi ya chilala. Machinga ndi Balaka anali m'gulu lomwelo. Pa nthawi yotere, pa khomo la lesitilanti iri yonse pafika achinyamata ofunsa ntchito, ndipo bwana adziwa kuti wina akachoka m'mawa, madzulo apeza wina. Komabe lamulo liteteza wantchito. Bwana sayenera kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka, ndiponso ayenera kuyamba wamva mbali yake. Wochotsedwa mosayenera akhoza kukadandaula kwa a leba pa boma isanathe miyezi 3, ndipo zikakanika kumeneko nkhani ipita ku khoti la za antchito, Industrial Relations Court. Alipo mabungwe a antchito, ndipo likulu lawo ndi Malawi Congress of Trade Unions. Koma m'malo ang'onoang'ono wogulitsa ali yekha, kapena awiri, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndiponso a leba akafunsa kuti, "Umboni wako uli kuti?" munthu wopanda pepala angoyang'ana pansi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nditawaonetsa achemwali samu ija, anatenga kope langa limodzi losalembamo. Tsamba liri lonse analigawa patatu: nthawi yolowa ndi yoweruka, zakumwa zimene apeza ndi zimene asiya, ndiponso ngongole ndi dzina la amene wailoleza. Kenaka anapita kwa bwana nthawi ya masana, pamene kunalibe anthu, nati mwaulemu, "Abwana, ndapempha kuti powerenga zakumwa ndizikhalapo, ndipo wofuna ngongole muzimlembera ndinu. Ndikalakwitsa ine, ndidzalipira popanda kutsutsa." Bwana poyamba anakwiya, nafunsa ngati apita kwa a leba. Iwo anati, "Iai, abwana, ndifuna tizikhulupirirana." Patapita masiku anavomera za kuwerengera limodzi. Kuyambira pamenepo shoti inachepa kwambiri, ndipo mwezi wina panalibe ndi tambala yomwe. Za maola owonjezera sanalipidwebe kufikira lero, koma tsopano alembedwa, tsiku ndi tsiku, ndi dzanja lawo. Anzawo awiri a m'malo ena pa Liwonde pomwepo nawonso anagula makope.

Kwa eni malo odyera ndi omwera ndipempha zinthu zitatu zokha, zimene sizifuna ndalama yochokera kunja. Lembani pangano pa pepala tsiku loyamba, ngakhale ndi bolopeni. Werengani katundu pamodzi ndi wantchito wanu. Ndipo m'buku lomwe mulembamo mabotolo, tsegulani tsamba la maola. Kwa makolo ndi achimwene athu amene amapita kukakhala pa malo amenewa, ndipempha kuti mulipire musananyamuke, pakuti botolo limene mwaliiwala dala lidyedwa pa mbale ya mwana wina wa sukulu. Ndipo munthu wokupatsani chakumwa mumuitane monga muitanira mlongo wanu.

Kwa ife ana a sukulu, pali ntchito imene tingagwire ngakhale lero lomwe. Ambiri tiri ndi abale ogwira ntchito m'mabala, m'magolosale, m'zigayo ndi m'nyumba za anthu, ndipo ena a iwo sadziwa kuti pali lamulo lonena za iwo. Ife tidziwa kuwerenga Chingerezi chimene malamulo alembedwamo, tidziwa kugawa ndi kuchulukitsa. Tchuthi chikubwerachi, khalani pansi ndi mbale wanu, mumfunse nthawi imene alowa ndi imene aweruka, muchite naye samu, ndi kumsiyira kope limodzi. Ena a ife mtsogolo tidzakhala eni malo otere, ena a leba, ena oweruza milandu, ndipo ena, chifukwa ntchito ndi zosowa, tidzaimirira kuseri kwa kauntala yomweyo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndatha ine wanu,

Mnyamata wa Fomu 3